Nsalu Imene Inabwera ndi Kambuku

Kodi kambuku wopatsidwa nkhukundembo zonona tsiku ndi tsiku angakanirenji kudya? Mumzinda wathu wonse wa Tenochtitlan, wa pakati pa nyanja, munasowa woyankha.

Anali kambuku wamkazi, mphatso yochokera kwa mfumu ya kudziko lotentha kudza kwa mfumu yathu, ndipo anafika pamodzi ndi mitolo ya nsalu zathonje. Monga mwa mwambo, mfumu inapatsa nsalu imodzi Mazatl, mnansi wanga, amene anaikidwa kuti azidyetsa chilombocho. Mkazi wake Tlako ankafunditsa khanda lawo nsaluyo.

Kukada, kambuku ankayamba kubuula, kubuula kwapansipansi ngati munthu akucheka mtengo wouma, ndipo mawuwo ankatsata madzi a m'ngalande mpaka kulowa m'nyumba zathu. Agalu onse ankangoti zii. M'mawa uliwonse Mazatl ankachipeza chilombocho chitakanikiza mphuno pakati pa mitengo ya khola, maso ali kumene kuli nyumba yake.

"Chakukondanitu, bambo a mwana," Tlako anamuseka. "Ndapeza mkazi mnzanga."

Mazatl sanaseke. Anakafunsa mkulu wina mwa amene ananyamula mphatsoyo. Mkuluyo anayamba wayang'ana uku ndi uku, kenaka ananong'ona:

"Achimwene, chilombochi chinali ndi mwana. Tinkamunyamulira m'nsalu kuopa chisanu, koma anatifera m'mapiri. Tikanaulula, bwenzi tilibe mitu. Nsaluyo tinangoitsukuluza n'kuibwezera pamtolo."

Tlako atamva, anamulanda mwana nsaluyo.

"Tiiotche!"

"Mphatso ya mfumu? Ukufuna tiphedwe tonse?"

"Ndiye kapheni chilombocho!"

"Mafumu awiri ayambanire pamutu panga? Iwe, tsitsa mawu."

Nsaluyo anaiika mumphika n'kukwirira. Koma fungo linali litamulowerera kale mwanayo, ndipo kubuula sikunaleke. Tlako anabereka khanda lake n'kuthawira kwa amayi ake kutsidya kwa nyanja.

Lero m'mawa khola lapezeka lopanda kanthu, mitengo iwiri itatafunidwa. Zidindo za mapazi onyowa zazungulira nyumba ya Mazatl, zalowa, zatulukanso. Kenaka zadza pakhomo panga, n'kubwerera m'ngalande.

Akuluakulu akuti chilombocho chinangosokera. Ine ndikudziwa china: masana onse amene mkazi wanga ndi Tlako ankapera chimanga limodzi, mwana wanga ankagona pansalu yomweyo.

Dzuwa lapendeka kale. Ngati muli ndi bwato, chonde, muolotse mkazi wanga ndi mwanayu kusanade.