Mwana wa Filesi Atuluka M'chikuta

Emelia ankatsuka makapu kuseri kwa nyumba. Ankatsuka pang'onopang'ono. Kapu imodzi. Kenako ina. Kenako anabwerera ku yoyamba ija.

Makapu anali atayera kale. Koma makutu a Emelia anali pakhonde.

Pakhonde panali abambo ake ndi Tete Yvonne. Tete Yvonne ndi mlongo wa abambo. Anabwera pa kombi kuchokera ku Chinhoyi. Anabwera kudzathandiza, chifukwa amayi anali ndi khanda.

Amayi ndi khandalo anali m'chikuta. Mayi akakhala m'chikuta satuluka panja. Khanda nalo silituluka. Amadikira mpaka mchombo wa khanda ugwe.

Filesi sankazimvetsa zimenezi. Filesi ndi mng'ono wake wa Emelia. Ali ndi zaka zitatu. Kale amayi ankamubereka kumsana. Tsopano msana wa amayi unali kuseri kwa chitseko.

Filesi ankalira m'mawa. Ankalira masana. Ankalira madzulo. Ankamenya chitseko ndi timanja take.

"Achimwene, mwana uyu akusokosa," anatero Tete Yvonne. "Khanda silikugona. Mlamu wanga sakupuma. Khanda likangotuluka, Filesi ndipita naye ku Chinhoyi."

"Akakhala mpaka liti?" anafunsa abambo.

"Mpaka akule, ayambe sukulu."

Abambo anakanda mutu. "Tiona," anatero.

Emelia anasiya kutsuka. Ku Chinhoyi ndi kutali. Nanga pamphasa azigona ndi yani? Nanga mbatata azigawana ndi yani?

Emelia anafuna kuyankhula. Mawu anafika pakhosi. Anakakamira pomwepo. Emelia ndi mwana wa phee. Amaona zambiri, koma amanena zochepa.

Anayang'ana Filesi. Filesi anali atabereka chitsononkho m'kansanza. Anayenda pang'ono, chitsononkho n'kugwa. Anachitola. Chinagwanso. Filesi anayambanso kulira.

"Chitsononkho chilibe manja," anaganiza Emelia. "Chilibe nkhope. Filesi akufuna mwana weniweni. Akakhala ndi mwana wake, sadzalira. Akapanda kulira, sadzapita. Ndimulukira chidole."

Koma Emelia analibe zolukira. Analibenso ulusi.

Anapita kwa malume ake, a Joze. A Joze amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pakati pa komboni. Njinga zonse za pa pulazi, famu ya fodya pomwe amakhala, zimawadziwa.

"Eee, wabwera Mayi Nkhani!" anatero a Joze. "Lero utiuza zotani? Ndikhale pansi?"

Emelia analoza gudumu lakutha.

"Masipoko awiri," ananong'ona.

"Mawu awiri athunthu!" anakuwa a Joze. "Anthu inu, anulani zovala! Lero kugwa mvula!"

Emelia anabisa nkhope. A Joze anaseka. Anazula masipoko awiri. Anawawongola ndi nyundo. Ananola nsonga zake pamwala.

"Usabaye nawo munthu," anatero. "Makamaka ine."

Zolukira zinapezeka. Kunatsala ulusi.

Pamsomali panali juzi yakale ya abambo. Inali yofiira. Inali yobookabooka. Emelia anaitenga n'kuwaonetsa abambo.

"Imene anadya makoswe ija?" anatero abambo. "Tenga, mwanangu."

Emelia anapeza nsonga ya ulusi. Anakoka. Juzi inayamba kumasuka. Anakoka, anakoka, anakoka. Juzi inatha. Panatsala mulu wa ulusi.

Koma ulusiwo unali wopotanapotana. Sunkafuna kuwongoka.

Emelia anapita pawindo la amayi. Anakweza ulusi m'mwamba. Amayi anasuzumira.

"Unyowetse," ananong'ona amayi. "Uukulunge pa botolo. Uuyanike padzuwa."

Emelia ananyowetsa. Anakulunga. Anayanika. Ulusi unawongoka.

Emelia ankadziwa kuluka pang'ono. Amayi anamuphunzitsa chaka chatha. Anakhala pansi pa windo. Anagwira masipoko ake.

Lowetsa, zunguliza, koka.

Lowetsa, zunguliza, koka.

Ulusi unapulumuka. Panatsala bowo. Emelia anamasula n'kuyambiranso.

Lowetsa, zunguliza, koka.

Anzake anabwera ndi mpira. "Emelia, tiye ku fulaye!"

Emelia anapukusa mutu. Anapitiriza kuluka.

Ankaluka akaweruka kusukulu. Ankaluka akatha kutunga madzi. Zala zinatupa. Khosi linawawa. Emelia sanaleke.

Analuka thupi. Analuka mutu. Analuka miyendo iwiri. Analuka manja awiri. Dzanja limodzi linatalika kuposa linzake. Emelia analiyang'ana. "Palibe kanthu," anaganiza. "Lizifika patali."

Koma chidole chinali chafwafwa ngati thumba lopanda kanthu. Chinkafuna zoika m'mimba.

Emelia anaganiza. Kenako anakumbukira shedi. M'shedi ya pa pulazi abambo amasankha fodya. Kuseri kwake kumatayidwa zinyenyeswa za masamba. N'zofewa. N'zopepuka. Palibe amazifuna.

Emelia anatola zodzaza m'manja. Anaika m'mutu mwa chidole. Anaika m'mimba. Anaika m'miyendo. Chidole chinanenepa bwino. Anasoka pamsana. Anasokerera mabatani awiri akuda. Chidole chinapenya.

Fungo la fodya Emelia sanalimve. Pa pulazi fungo limeneli lili paliponse. Lili m'malaya a abambo. Lili mumphepo.

"Filesi," anaitana Emelia. "Ona."

Filesi anasiya kulira. Anatambasula manja. Anakumbatira chidole. Anachiika pamphuno.

"Etsi!"

Filesi anayetsemula.

"Etsi! Etsi! Etsi!"

Maso anafiira. Misozi inatsika. Filesi analira kuposa kale. M'nyumba khanda linadzuka. Nalo linayamba kulira.

Tete Yvonne anatuluka akuthamanga. Analanda chidole. Anachinunkhiza.

"Maiwe!" anakuwa. "Chidole chosuta fodya! Mukufuna kutsamwitsa khanda?"

Anachiponya kudzala.

"Mwaona, achimwene?" anatero Tete. "Pano pachuluka zochitika. Filesi ndikupita naye basi."

 

Emelia anapita kudzala. Chidole chinali gada paphulusa. Diso limodzi linali lakuda. Lina linali lotuwa ndi phulusa.

Emelia anachitola. Anachisasa. Misozi inafuna kutuluka. Anaibweza.

"Sunalakwe ndiwe," anachiuza chidole. "Ndalakwa ndine. Tiyambirenso."

Anamasula pamsana. Anachotsa fodya yense. Anatembenuza mutu. Anatembenuza miyendo. Anakutumula kachidutswa kalikonse.

Anachapa ndi sopo. Anatsukuluza. Anayanika. Ananunkhiza. Fodya anali akumvekabe.

Anachapanso. Anatsukuluzanso. Anayanikanso. Ananunkhizanso.

Fodya anali atatha.

Koma chidole chinalinso chafwafwa. Emelia anakhala pansi pa windo. Anachiika pamiyendo. Aikemo chiyani tsopano?

Windo linatseguka. Dzanja la amayi linatuluka. Linali ndi duku lakale lamaluwa.

"Ng'amba ili," ananong'ona amayi. "Latha ntchito. Ndinkavala pomubereka Filesi."

Emelia anang'amba duku. Analing'amba tizidutswa ting'onoting'ono. Anaika m'mutu. Anaika m'mimba. Anaika m'miyendo. Kansalu kamodzi anakasunga. Kameneko kanali mbereko.

Anapita kwa Filesi. Filesi anabwerera m'mbuyo. Anagwira mphuno yake.

"Chimaluma," anatero Filesi.

Emelia ananunkhiza chidole. Sanayetsemule. Anachipereka pang'onopang'ono.

Filesi ananunkhiza pang'ono. Ananunkhizanso. Anatsinzina.

"Akununkhira amayi," anatero.

Anachikumbatira zolimba. Kenako anafunsa, "Sisi, wabadwa lero?"

Emelia anagwedeza mutu.

"Ndiye asatuluke panja," anatero Filesi. "Ali m'chikuta."

Filesi anatenga dengu. Anayalamo kansalu. Anagonekamo mwana wake. Anaika dengu m'khitchini, pakona. Iye anakhala pambali pake.

Abambo analowa akuimba mluzu.

"Shhh!" anatero Filesi. "Mwana wanga wagona."

Abambo anatuluka monyang'ama.

Tsiku limenelo Filesi sanamenye chitseko. Mawa lake sanamenyenso. Anali wotanganidwa. Ankafunditsa mwana. Ankamuimbira. Ankathamangitsa nkhuku zaphokoso.

Emelia nayenso anali wotanganidwa. Ulusi wofiira unali utatsala. Mwana sangatuluke m'chikuta ali wosavala.

Lowetsa, zunguliza, koka.

Analuka kadiresi.

Lowetsa, zunguliza, koka.

Analuka kachipewa.

Kenako mchombo wa khanda unagwa. Tsiku lotuluka linafika.

Anthu a pa komboni anabwera. Amayi a kutchalitchi anaimba nyimbo. Malume Joze anabwera atavala jekete. Chitseko chinatseguka. Amayi anatuluka atanyamula khanda. Nthungululu zinalira.

Tete Yvonne analandira khanda. "Dzina lake ndi Kondanani," anatero. Anthu anaomba m'manja.

Filesi naye anatuluka m'khitchini. Anali atabereka mwana wake. Mwanayo anavala kadiresi ndi kachipewa. Filesi anaima pambali. Anadikira nthungululu. Koma maso onse anali pa Kondanani.

Tete anabweza khanda kwa amayi. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi zikwama ziwiri. China chinali chachikulu. China chinali chaching'ono. M'chaching'onocho munali zovala za Filesi.

"Tiyeni tifulumire," anatero Tete. "Kombi sidikira munthu. Filesi, tsanzika."

Filesi anagwira siketi ya Emelia. 

Mawu anafika pakhosi pa Emelia. Anafuna kukakamira. Emelia anayang'ana zala zake zotupa. Anayang'ana chidole chofiira.  Anapita kutsogolo. Anagwada.

"Tete," anatero.

Mawu anatuluka aang'ono. Tete sanamve.

"Tete!" anabwereza mokweza.

Anthu onse anatembenuka. Malume Joze anayasama.

"Lero atuluka ana awiri," anatero Emelia. "Wina ndi wa amayi. Wina ndi wa Filesi. Filesi wamusamala bwino mwana wake. Sanamenye chitseko. Sanadzutse khanda. Chonde, Filesi asapite."



Tete anaika chikwama pansi. Anayang'ana chidole.

"Si chosuta fodya chija ichi?"

"Anasiya," anatero Filesi.

Anthu anaseka. Tete nayenso anaseka. Anawerama n'kununkhiza. Ananunkhizanso.

"Shuwa, anasiyadi," anatero. "Waluka yekha Emelia?"

"Ndi masipoko anga!" anakuwa a Joze. "Ndipo mwamva mawu onse aja? Thamangani kumunda! Chaka chino mvula yafulumira!"

Amayi anamwetulira. "Mlamu," anatero, "mwandithandiza kwambiri. Koma masiku ano ndagona tulo tabwino. Filesi ndikumufuna pano."

Tete anakhala pampando. Anatambasula manja kwa Filesi.

"Bwera naye kuno mwana wakoyo. Mwana satuluka wopanda dzina."

Filesi anamasula mbereko. Tete analandira chidole ndi manja awiri. Anachikweza m'mwamba.

"Uyu ndi Madalitso," anatero.

Amayi a kutchalitchi anaimba nthungululu. Zinali zazitali kuposa zoyamba zija. Filesi analumphalumpha. Analandira mwana wake n'kumuberekanso.

Abambo anatenga kachikwama kaja. Anakabweza m'nyumba.

Tete anatembenukira kwa Emelia.

"Koma iwe, tamvera. Msana wa amayi ako tsopano ndi wa Kondanani. Nanga Filesi akayambanso kulira, ndani amubereke?"

Emelia anagwadanso pansi. Filesi anakwera kumsana kwake. Madalitso anali kumsana kwa Filesi. Emelia anaimirira. Anadzandira pang'ono. Kenako anaima nji.

"Ine, Tete," anatero Emelia. "Msana ndili nawo."