Mpopi Wosamva Kutseka

Chimene chinadabwitsa mayi wina wosoka zovala atalowa m'nyumba yatsopano n'chakuti mpopi wa kukhitchini unkatulutsa madzi ngakhale tsiku limene mipopi ya mzere wonse yauma gwa. Iye ankati ndi mwayi. Aneba ankanong'ona kuti amene ankakhalamo kale anachoka atauma ngati nkhuni. Posakhalitsa kamwana kake kanayamba kuwonda, milomo kung'aluka, ludzu losatha.

Ndiye anaitana woyeza madzi, bambo wamimba ngati mgolo, woyenda ndi timabotolo m'chikwama.

"Mayi, ine madzi ndimawadziwa kuposa mkazi wanga," anatero akutunga. "Kabotolo aka kagone pawindo. Madziwo akada, ndi oipa. Akapanda kuda, imwani mpaka mimba ifanane ndi yangayi."

Usiku mayiyo anamva mpopi ukulira mumdima, osati kudontha ayi, koma ngati munthu akumeza pang'onopang'ono. Gudyu... gudyu. Kutacha, kabotolo kanali kouma, chitsekerero chili chimangire.

Woyeza uja atabweranso anaseka, nati mwina kali ndi mng'alu. Anatunga m'kena, n'kumata ndi tepi. Usiku umenewo kumeza kuja kunasendera, kukumveka m'khoma la kuchipinda, kumutu kwa mwana. M'mawa kabotolo kouma, tepi osakhudzidwa.

Apa nthabwala zinatha. Bamboyo anakatseka madzi panja pa mita, koma mpopi unangothirabe. Anapempha khasu, nalondola paipi m'nthaka. Pansi pa windo la kukhitchini paipiyo inathera pomwepo, yodulidwa kalekale, yadzimbiri, m'kati muli dothi ndi nyerere.

"Mayi," ananong'ona, thukuta lili kamukamu, "m'nyumba muno simulowa madzi."

"Nanga takhala tikumwa chiyani, bambo?"

"Funso limenelo sindinaphunzire. Mwanayo asalawenso. Mawa samukani."

Anachoka chamsangamsanga, chikwama n'kuiwala.

Mayiyo anakulunga mpopi ndi nsalu, n'kumanga ndi waya, nakatunga madzi kwa aneba. Mwana anawalavula. "Amayi, awa ndi owawa. Ndikufuna akwathu."

Pakati pa usiku mayiyo anadzidzimuka, napapasa pabedi pamene panagona mwana, pali pozizira. Anathamangira kukhitchini. Waya anali pansi, nsalu pansi, mwana ataimirira pampando, kukamwa kuli pampopi. Gudyu... gudyu.

Anayatsa getsi, nayang'anitsitsa. Khosi la mwana silinkagwedezeka n'komwe, koma masaya ake ankalowa m'kati.

Chimene chinkameza unali mpopi.