Watsala Mmodzi

Tsiku limenelo kunali maliro ku Kande. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anali m'nyumba ya siwa, akuimba. Amuna anali panja pa mabenchi obwereka kutchalitchi. Munthu woleredwa bwino amadziwa kuti pamalo otere mawu amatsitsa. Zakeyo Mhone analeredwa bwino, koma zonse anakazitaya ku Lilongwe.

Kumeneko anakhalako zaka zambiri, n'kubwerako ndi jekete lachikopa ndi pakamwa basi. Ankati anali wa za transipoti. Zoona zake n'zakuti anali woitanira pa depoti, mmodzi wa aja okuwa mayina a malo ngati akhwangwala. Kumudzi kuno khasu analikana, ngalawa anaikana. Ntchito yake inali kusimba nkhani za m'maminibasi paliponse pamene anthu asonkhana. Ankaimirira, kutsanzira mawu a kondakitala, kuyenda chopendama ngati mayi wotsika ndi dengu la tomato. Opanda nzeru anzake ankamugulira mowa.

Usiku umenewo anayamba nyimbo ili pakati.

"Inu a kunyanja simudziwa kanthu," anatero. "Mukaona minibasi ili pafupi kudzaza mumathamanga, eti? Ife ndi amene tinkakhala m'katimo! Dalaivala amatilowetsa asanu, asanu ndi mmodzi, tikhale phee ngati tili pa ulendo. Injini ikulira, galimoto ikusuntha pang'ono, ikubwerera. Kondakitala: 'Watsala mmodzi! Kawale, watsala mmodzi!'"

"Ndiye munthu akakwera?" anafunsa msodzi wina.

"Akangokhala pansi, mmodzi wa ife amatsika mwakachetechete. Wina akakwera, wina atsika. Agogo ena ndinawakodola ndekha pawindo, ndikuti bwerani amayi, tikunyamuka pompano. Anali ndi mwana wodwala kumsana. Anakhala mmenemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, akungoti, 'Ana inu, tinyamuka liti?'"

Anatsanzira mawu a agogowo monjenjemera. Chiseko chinaphulika. M'nyumba muja nyimbo inaduka.

Ada Longwe, mkulu wa mpingo, anaimirira ndi ndodo yawo.

"Zakeyo, muno mwagona munthu. Nyamuka."

"Ada, ndikungochotsa anthu tulo."

"Ndati nyamuka. Kazisimbire kubala."

Anachoka akung'ung'udza, botolo lili m'thumba la jekete. Mlongo wake Lyness, amene anamulera makolo awo atamwalira, anamva zonse ali m'nyumbamo. Manyazi anamugwira, koma anayamba wamaliza nyimbo, kenako n'kutenga tochi kuti amutsatire, poopa kuti woledzerayo angagwere mu ngalande.

Kwawo kunali kufupi ndi Bandawe. Zakeyo anadutsa m'minda ya chinangwa mpaka anatulukira pa msewu wa tala. Mwezi kunalibe. Kabaza kunalibe. Ngakhale galu sanauwe.

Atayenda pang'ono anamva injini.

Minibasi inaima pambali pa msewu, pamalo pamene palibe siteji. Nyali zakutsogolo zinali zozima. M'kati munali kababu kamodzi kofiira. Galimotoyo inasuntha pang'ono, n'kubwerera.

"Chintheche, Nkhata Bay! Watsala mmodzi!"

Munthu wanzeru akanafunsa kuti minibasi yanji yoitanira anthu m'tchire nthawi ngati imeneyo. Zakeyo anangoona kuti miyendo yake yapulumuka.

"Za bwino, mani?" anatero kwa kondakitala.

Kondakitalayo anali wamtali, chipewa atachitsitsira kumaso. Anangoloza mpando wa pawindo, mzere wachiwiri.

Zakeyo anapanikizika n'kukhala. Mpando unali wozizira ngati mwala wa padooko. Asanakhazikike, bambo wina kumbuyo anadzuka. Analibe chikwama. Anadutsa mowerama, natsika, nalowera mumdima osacheuka. Zakeyo anaseka.

"Aaa, akuluakulu! Masewera amenewa mpaka kuno? Ine ndine mwini wake wa zimenezi!"

Palibe amene anaseka naye.

Injini inalira. Galimoto inasuntha, inabwerera.

"Watsala mmodzi!"

Apa m'pamene anayamba kuwayang'ana anzake a paulendowo. Palibe amene anali ndi katundu, ngakhale kathumba ka usipa. Palibe amene ankayang'ana foni. Palibe wotsokomola. M'minibasi yodzaza mumanunkha thukuta ndi nsomba, koma muno munkanunkha dothi lonyowa. Pambali pake panali bambo wokalamba wovala suti ya kalekale, manja ali pa mawondo. Kuchokera paphewa la bamboyo kufika pa mpando wakutsogolo, kangaude anali atamanga ukonde wake, ndipo ukondewo unali ndi fumbi.

"Ada," ananong'ona Zakeyo, "mwakwera nthawi yanji?"

Mkuluyo anatembenuza maso okha.

"Tinyamuka liti, mwana wanga?"

Mowa wonse unamuthera. Anati adzuke, koma thupi linakana. Manja ankagwedezeka, khosi linkatembenuka, koma kuyambira m'chiuno kutsika anali ngati wamera pa mpandopo.

"Kondakitala! Nditsike, ndaiwala katundu!"

Kondakitala anasuzumira m'kati. Pansi pa chipewa sipankaoneka nkhope.

"Ntchito mukuidziwa, bwana," anatero ndi mawu otsika. "Wotsika amasiya wina pampando."

Zakeyo anayesa kupemphera, koma pemphero la Ambuye linamuthawa pakati. Anayesa kukuwa, mawu ake anathera m'magalasi. Anayang'ananso ukonde wa kangaude uja. Anaganiza za mkuluyo, kuti wakhala akudikira wodutsa kwa nthawi yaitali bwanji pamsewu wopanda anthu. Kapena odutsa ankabwera, koma iye sankafuna kuwaitana. Maganizo achiwiriwa Zakeyo sanachedwe nawo.

Kenako patali panaoneka kuwala kwa tochi.

Mitu yonse m'minibasi inatembenukira kumeneko nthawi imodzi. Kuwalako kunkayandikira pang'onopang'ono. Kunaoneka bulauzi yoyera ndi duku loyera. Kunamveka mawu.

"Zakeyo! Zakeyo iwe, uli kuti?"

Anali Lyness. Lyness amene anagulitsa mbuzi zake kuti mlongo wake apite kusukulu imene sanaimalize. Zakeyo akanatha kukhala chete, mayiyo n'kudutsa. Akanatha kukuwa kuti thawani. Windo linali lolimba, koma analikankha ndi manja awiri mpaka linatseguka. Anatulutsa dzanja, nakodola monga ankachitira pa depoti, ndipo mawu ake anatuluka osalala, opanda kunjenjemera ngakhale pang'ono.

"Asisi! Ndili muno. Bwerani, tikunyamuka pompano."

Lyness anaunika minibasiyo, anakayika.

"Galimoto yanji yopanda nyali iyi? Tsika, tiyende wapansi."

"Mwendo, asisi. Ndagwa, sindingathe kuponda. Adalaivala ndi anzanga, atisiya pakhomo penipeni. Bwerani mundigwirire."

"Wavulala? Mayo ine, mwana uyu!"

Anazimitsa tochi, nakwinya chitenje, nakwera. Mkulu wa suti anamuyang'ana, napukusa mutu pang'onopang'ono, koma Lyness maso ake anali pa mwendo wa mlongo wake. Anakhala pansi.

Nthawi yomweyo miyendo ya Zakeyo inamasuka. Anadzuka, anawerama, anadutsa pa mawondo a mlongo wake.

"Ukupita kuti? Si wati wavulala?"

"Ndikataye madzi, asisi. Ndikubwera."

Anatsika. Anathamanga. Kumbuyo kwake anamva injini ikulira, ndi mawu aja, osatopa, osafulumira:

"Watsala mmodzi!"

Anafika kunyumba, anakhoma chitseko, nafunda bulangeti. Sanadzutse aliyense. Sanabwerere kumaliro kukauza amuna. Ena amati anagona mpaka kunacha.

Lyness anapezeka m'bandakucha ndi anthu odula mitengo ya labala, kutali kwambiri, cha ku Nkhata Bay. Anali atakhala pa chitsa pakati pa mizere ya mitengo, msana uli chilili, manja pa mawondo, tochi ili pa miyendo. Nsapato zake zinalibe matope. Mame anali atanyowetsa udzu wonse, koma bulauzi yake inali youma. Mmodzi wa antchitowo, wa ku Thyolo, anati akhale pambali pake kuti amufunse kwawo. Mayiyo anatambasula dzanja mwamphamvu.

"Musakhale apa. Pitirirani."

Kuchipatala sanapeze nthenda. Abusa anapemphera. Lyness amadya akapatsidwa chakudya, amayenda akatsogoleredwa, koma akangopeza pokhala amakhala chimodzimodzi, maso kumbali ngati woyang'ana pawindo. M'tchalitchi benchi yake imakhala ya yekha. Mwana akati athamangire pambali pake, amamukankha ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Amayi a Umanyano amanong'onezana kuti thupi lokha ndi limene linabwera, mwini wake akadali m'galimoto muja, ndipo angathe kutsika lero lomwe akanangolola munthu mmodzi kukhala pamenepo. Koma iye salola.

Zakeyo anasamukira ku Mzuzu. Kumeneko nkhaniyi amaisimba m'mabala, ataimirira, akutsanzira mawu a kondakitala, ndipo amamugulira mowa kuposa kale. Amangosintha chinthu chimodzi: amati amene iye anamukodola anali mayi wachilendo. Zimenezi zinafika kuno ndi madalaivala.

Chaka chatha anabwera kudzagulitsa malata a nyumba ya makolo ake. Anafika masana, poganiza kuti mlongo wake ali kwa anansi. Anamupeza pa benchi ya pakhonde, Kettie, mwana wa Lyness, akumupesa tsitsi.

Lyness anatembenuza mutu. Kettie akuti aka kanali koyamba kuona amayi ake akuyang'ana munthu kumaso chichitikireni zija. Mayiyo anamwetulira. Anasendera kumapeto kwa benchi, napukuta pamalo potsalapo ndi nsonga ya chitenje.

"Wabwera, mwana wa amayi? Wachedwatu. Khala apa."

Zakeyo anasiya hamala yake yozulira malata pabwalo. Anthu a pamsewu akuti minibasi zitatu zinamuimira tsiku limenelo, koma iye anapitiriza wapansi.