Olira Ochokera Kunyanja

Nkhani iyi anandiuza ndi amayi Efigénia a ku Fonte Boa, tikusankha mbewu ya kachewere pakhonde pawo. Ndiikamba monga anaikambira, ndipo Mulungu andithandize ndisawonjezepo kanthu.

Mwana wawo Rosita anakagwira ntchito kutali, pa chilumba cha m'nyanja yamchere, panyumba yogona alendo. Zipinda zake zinakhala pamitengo yozikidwa m'madzi. Nyengo yozizira alendo ankadzaza kudzaona anamgumi, zinsomba zotalika ngati tchalitchi cha kumudzi, zimene zimabwera kudzaberekera kumeneko. Alendo akapita ndi boti, Rosita ankatsala kuyala mabedi.

Usiku wina kopanda mphepo, ali m'chipinda chakumapeto, anamva kulira kukukwera m'mitengo ija, kudutsa m'matabwa, mpaka m'mapazi ake. Kunayambira pansipansi ngati kubuula kwa bambo wamkulu, kenako kunakwera, kuwonda, ngati mayi amene wangolandira uthenga. Rosita analeredwa kwathu kuno, kumene munthu sagona anzake akulira. Anamanga mpango kumutu, nakakhala pamchenga atawongola miyendo, n'kuyamba nyimbo zathu za pamaliro. Kulira kuja kunasendera. Mumdimamo chinthu chinapuma mpweya wautali, wofunda.

Gerson, woyendetsa boti, anamupeza pomwepo kukucha.

"Iwe wa kumapiri, wafedwa?"

"Ine ayi. Afedwa ndi awa. Ndiwasiye okha?"

"Amenewo amaimba chaka chilichonse! Alendo amawoloka nyanja kudzawamvera, iwe ukuwakhuza maliro?" Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Kuno timangomvera, mlongo. Sitiyankha."

Koma Rosita sanasiye. Ankawalirira usiku uliwonse mpaka nyengo yawo itatha.

Chaka chotsatira anatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, pa Ulongwe ataonda, moti poyamba amayi ake anamudutsa osamuzindikira. Kuchipatala sanapeze nthenda. Ankangogona chagada, kumwetulira pang'ono ngati akumvera nyimbo yakutali, ndipo thukuta lake likauma linkasiya mchere woyera pamphasa.

Kuzizira kutafika, nkhungu inadzaza dambo lonse, mapiri n'kumaoneka ngati akuyandama. Usiku umenewo kulira kunamveka kumunsi kwa dambo, kotalika, kodekha. Mlamu wa amayi Efigénia, a Benedito, amene anabwera kudzazonda wodwala, anakoka bulangeti.

"Ndi ng'ombe za mnansi wanu Arcanjo zimenezo. Munthu uja sazidyetsa."

"Alamu," amayi Efigénia ananong'ona, "ng'ombe ikalira, madzi a mumtsuko amanjenjemera?"

A Benedito anayang'ana mtsukowo. M'mawa anakumbukira kuti kwawo ku Domwe kuli ntchito yofulumira.

Kuchigayo ena ankati ndi lole yotitimira m'matope, ena ankati ndi zamatsenga. Usiku wotsatira kulira kunafika m'munda wa kachewere. Kutacha, mizere inali itagona mbali imodzi ngati padutsa madzi, ndipo mwana wina atanyambita mame a patsamba analavula, akuti ngowawa mchere. Usiku winanso kunamveka kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsopano kupuma kunkamvekanso, kulowa, kukhala chete nthawi yaitali, kutuluka.

Rosita, amene anali atasiya kuyankhula, anatsegula maso.

"Amayi, ayalireni mphasa. Achokera kutali."

"Ndani, mwanangu?"

"Aja ndinawalirira. Abwera kudzatipepesa."

Apo m'pamene amayi Efigénia anazizidwa m'mafupa. Maliro n'kulirana, ndipo olira safika pakhomo popanda wowalirira. Anayang'ana mwana wawo, mapazi ake atayamba kale kuzizira. Anatenga kolona, natsegula chitseko.

Panja panalibe bwalo, panalibe nkhokwe, panalibe nyenyezi. Nkhungu yokha inkayenda pang'onopang'ono, ndipo mkati mwake zinthu zakuda, zazitali kuposa nyumba, zinkakwera ndi kutsika mopanda phokoso. Amayiwo anati mantha anawathera, anangomva ngati aima pansi pa madzi koma akupuma bwinobwino. Anagwada, nawomba m'manja katatu monga timachitira kwa akuluakulu.

"Takulandirani. Mwayenda ulendo wautali chifukwa cha mwana wanga, zikomo. Koma mwafulumira. Ameneyu ngwamng'ono, sanaone kanthu. Ngati simungabwerere osalira, dikirani ine. Ndine mayi wake, pakhomo m'pomwepa."

Mpweya wofunda unawomba kumaso kwawo, n'kunyowetsa mpango. Zakuda zija zinatembenuka mwaulemu, chimodzichimodzi, n'kutsetsereka ndi nkhungu kulowera kudambo.

M'mawa Rosita anapempha phala. Lero ali bwino, amagulitsa chimanga pa Domwe, ndipo za kunyanja sazitchula.

Ine ndinafunsa ngati anakawauza ansembe. Amayi Efigénia anaika kachewere m'dengu, nayang'ana kumunsi kumene nkhungu yamadzulo inali itayamba kusonkhana.

"Ndinawauza. Anati tizipemphera, ndipo ndimapemphera. Koma chaka chilichonse kukazizira ndimawamva. Sakwiya ayi, amangodikira, monga ndinawapempha. Chaka chino afika pamtengo wa pichesi uwo. Tsiku langa likadzakwana, mwanawe, musadzawathamangitse. Mudzawasiyire malo kumbali ya azimayi."