Waya wa pa Chitseko cha Makina

Mayi injiniya anatuluka mufakitale minibasi zitatha kale. Tsiku lonse anali akulimbana ndi makina amene ankapanga, odula zitsulo ndi kuwala kwa leza. Kuwalako kumachokera mu chubu cha mpweya, magalasi n'kukulozetsa pa chitsulo, ndipo sikuoneka ndi maso. N'chifukwa chake makinawo amazima okha munthu akatsegula chitseko chake. Koma kuti awongole magalasi makina akuyaka, iye anamanga kaswichi ka pachitsekopo ndi waya. Ambiri pa ntchitoyi amatero, ngakhale ukawafunsa amakana.

Anauyamba wapansi, msana ukuwawa, m'maso ngati muli mchenga. Ankangofuna bedi basi.

Pa mlatho wa njanji anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Nawonso anaima. Atayambanso kuyenda, munthu anali kale pambali pake: bambo wamtali wovala ovolosi, magalasi otetezera maso ali pachipumi. Ankanunkha nsalu yopserera.

"Mwachotsa waya uja, mayi?"

Mayiyo anawonjezera liwiro. Bamboyo sanatsalire.

"Mlamu wanu amalawirira kukapukuta magalasi a m'makinamo. Iye amadalira chitseko."

Zoonadi... waya uja anamusiya! Ndipo mlamu wakeyo, wa ana ang'onoang'ono, ntchitoyo anamupezera ndi iye mwini.

Anacheuka kuti afunse wadziwa bwanji. Pachifuwa pa bamboyo panali bowo. Laling'ono. Lozungulira bwino, losalala m'mbali, kadulidwe komwe iye ankakafunafuna osakapeza. Ndipo pabowopo... ankaonera nyali ya tsidya la msewu!

Analiyatsa liwiro kubwerera. Nsapato imodzi inatsala pamlatho.

Mlonda anatsegula geti akuyasamula, n'kufunsa ngati kunyumba amuthamangitsako. Mayiyo anangodutsa. Anamasula wayayo, n'kuyatsa makina, n'kutsegula chitseko. Makinawo anazima. Apo m'pamene anadziponya pa benchi n'kufotokoza zimene waona.

Mlondayo sanadabwe n'komwe. Anati bamboyo satulukira chisawawa. Akaoneka ndiye kuti wina wamanga chitseko. Injiniya amene analipo mayiyo asanabwere nayenso anakumana naye pamlatho pomwepo, koma anati watopa, akonza mawa.

Mayiyo anafunsa kuti ndiye zinatha bwanji.

"Mukuganiza kuti malo a mlamu wanu aja anapezeka bwanji?"

Kenako mayiyo anafunsa, mawu akuchita kukoka, kuti bamboyo ndani kwenikweni.

"Ndi amene anapanga makina oyamba pano," anatero mlonda, akukoka jekete. "Naye anamanga waya, n'kuiwala, m'mawa n'kuweramira mkati. Bokosi lake ndinanyamula nawo ineyo, imvizi zisanabwere."