Mayi wa Makina a Pakona

Chisamba ankayanika zovala pachingwe pamene foni yake inalira. Anali mphunzitsi wake wa ku yunivesite. Kafukufuku amene mtsikanayu anachita wokhudza amayi osoka zovala m'fakitale anali atapambana mphoto, ndipo nyuzipepala inali itasindikiza kale mbali ina ya zolembazo. Chisamba anagwada pambali pa beseni n'kuthokoza Mulungu.

Mmodzi mwa amayi amene anawafunsa mafunso anali mayi ake omubala. Ankamufotokozera madzulo, mapazi otupa ali m'madzi ofunda.

"Koma dzina langa usalembe, wamva?" ankatero.

Dzina sanalembedi. Anangolemba za "mayi wina wamanzere wa makina a pakona, amene amapewa kumwa madzi tsiku lonse chifukwa saloledwa kudzuka kupita kuchimbudzi." Aphunzitsi anayamikira kwambiri chiganizo chimenechi.

Asanamalize kuyanika, geti linalira. Mayi ake analowa dzuwa lili paliwombo, atakwapatira katsamiro kamene ankakhalira kuntchito.

"Amayi, ndapambana! Koma mwaweruka msanga bwanji?"

"Ndamva, mwanangu. Nkhani yako tawerengeredwa." Anakhala pakhonde pang'onopang'ono n'kuvula nsapato. "Abwana anazimitsa makina onse, n'kuima pakati pathu ndi nyuzipepala. Akamawerenga amatsindika ngati mlaliki. Atamaliza, anangotembenuka kuyang'ana kukona."

"Komatu dzina lanu mulibe!"

"Iwe, amanzere tilipo angati m'fakitale muja?" Anayesa kuseka. "Akuti ndikapume kunyumba, ndizikamwa madzi mmene ndingafunire."

Malaya onyowa ankadontha m'manja mwa Chisamba. Anakumbukira kuti makina a pakonawo ndi amene anamuphunzitsa iye, ndipo ang'ono ake awiri anali adakali pasukulu.

"Anzanga onse anangozyolika," mayiwo anapitiriza. "Sindikuwada, ali ndi ana. Koma mlonda wa pageti uja anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu, bwana akuona. Mulungu amukumbukire bambo ameneyo."

Anadzuka, natenga malaya aja m'manja mwa mwana wawo, n'kuwafinya bwinobwino.

"Ndikaikana mphotoyo," anatero Chisamba.

"Ukaikana, ntchito ibwerera? Usandionjezere maliro. Ukalandire. Zimene unalembazo si zabodza, ndipo mwina wina adzamwako madzi chifukwa cha iwe." Anapachika malayawo pachingwe. "Kungoti ukanandiwerengera kaye ndisanamve pakamwa pa abwana. Ndikanakuuza pofufuta."

Chisamba anali atawerengera aphunzitsi ake, anzake, ngakhale galasi la kuchipinda kwake. Mwini nkhani yekha ndi amene sanamuwerengere. Misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute.

"Amayi," anatero mokweza, osasamala kuti oyandikana nawo nyumba akumva, "ndinabisa dzina lanu, koma inuyo ndinakusiyani poyera. Ndalakwa. Chonde, ndikhululukireni."