Ndodo ya Mizere Iwiri

Mayi Sipanala ananyamuka m'tauni dzuwa litalowa kale. Dzinali anthu anawapatsa mowanyoza, koma eni ake analilandira mpaka kulilemba pa chitseko cha galaja yawo.

Galimoto yawo inali ija ya matayala akuluakulu, yosaopa matope. Anaigula ili chiphakasa kwa mayi wina wamasiye, n'kuidzutsa ndi manja awo. Tsikulo inkakoka ngolo ya simenti ndi malata, zoti amalizire nyumba ya amayi awo mvula isanagwe.

Asananyamuke anatulutsa ndodo imene anaipeza pansi pa mpando pogula galimotoyo. Inali ndi mizere iwiri. Ukaimika pakati pa tayala, madigadi, chitsulo chophimba tayalalo, ikafika pa mzere wapamwamba ndiye kuti galimoto ilibe katundu. Ikatsika kupitirira mzere wapansi, kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero sichimvera. Anayeza matayala onse, zonse zili m'malo.

"Alamu, galimoto amayeza ndi ndodo ngati phala?" anaseka alamu awo aamuna.

"Inu yanu mumayeza ndi pakamwa, n'chifukwa chake imagona m'ngalande," anayankha iwo, n'kuliza injini.

Msewu unali wamabampu, koma mayiwo ankangoimba. Kunena zoona ankadzimva, ndipo anali ndi chifukwa. Atafika pamwamba pa chitsikirero chopita ku mlatho wakale, magetsi anawala pa munthu.

Chimunthu chachikulu, cha ovolosi, chitaima pakati pa msewu!

Anaponda mabuleki. Munthuyo anafika pa windo. Dzanja limene anagwira nalo chitseko linalibe chala cha mkombaphala.

"Yezaninso, mayi."

"Ndayeza kale, bambo. Ntchito yanga ndimaidziwa."

"Ndikudziwa. Yezaninso ndi ndodo ili pansi pa mpandoyo."

Nyimbo ija inathera pomwepo. Za ndodo wazidziwa bwanji? Anatsika ndi tochi. Anaimika ndodo pa tayala lakumbuyo... madigadi inali itatsika zala zitatu kupitirira mzere wapansi! Anaunika m'ngolo. Chingwe chinali chitaduka, matumba onse atakhamukira kutsogolo n'kupsinja pokokera. Akanatsika choncho, pokhota pa mlatho galimoto ikanangopita molunjika kumadzi.

Anavula juzi. Thumba ndi thumba, anabweza simenti pamwamba pa matayala a ngolo, n'kumanganso. Mlendo uja sanathandize. Ankangoyang'ana. Atayeza, madigadi inabwerera pa mzere penipeni.

Pamenepo munthuyo anakhala pa bampala yakumbuyo, nanyamula miyendo yonse m'mwamba.

"Yezani komaliza."

Anayeza. Munthu wa thupi lotere amatsitsa galimoto, ngakhale mwana amadziwa. Koma iyi sinatsike. Ngakhale pang'ono.

Tsitsi linaima. Kunja kunali zii.

"Masipuling'iwa mwaika nokha?"

"Ndekha..."

"Ili m'manja abwino," anatero munthuyo akusisita chitsulo.

Mayiwo anaweramira ndodo imene inawagwa. Podzuka... pa bampala panalibe munthu!

Sakumbukira mmene analowera m'galimoto. Anatsika phirilo ndi giya yoyamba, ndipo chiwongolero chinamvera ngati mwana wolangizidwa. Simenti inafika, malata anafika, nawonso mayiwo anafika.

M'mawa anapita kwa mayi wamasiye uja, ndodo ili m'manja.

"Mayi, mizereyi anadula ndani?"

"Malemu bambo a kuno. Mpeni umene anadulira ndodoyo ndi womwe unawadya chala." Mayiyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Zaka zapita, mwanangu. Sankayenda osayeza. Tsiku limodzi lokha anafulumira, akukoka ngolo ya matabwa. Anawavuula pansi pa mlatho wakale."

Mayi Sipanala anakhala pansi pomwepo, nafotokoza zonse. Wamasiyeyo sanakuwe. Anangofunsa kuti, "Ndiye anati bwanji za galimoto yawo?"

"Anati ili m'manja abwino."

Mayiyo anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Mwanangu, ine ndinakhala nawo mpaka imvi. Bambo amene aja sanayamikirepo makaniko aliyense ali moyo."